Achinyamata aulumali ndi maudindo m'makomiti a kwathu ku Zomba

Mlembi wa gulu, Matawale

Moni kwa nonse, makolo athu, aphunzitsi ndi achinyamata anzanga. Nkhani imene ndabwera nayo lero yakhala ikutchulidwa mwapatalipatali pa gulu lino, koma sitinaikhalirepo pansi. M'midzi mwathu muli makomiti achitukuko a VDC, pamwamba pawo pali ADC ya dera la mfumu yaikulu, ndipo zimene makomitiwa agwirizana ndi zimene zimapita ku khonsolo kukalowa m'mapulani a chitukuko. Mjigo ukakumbidwa pamalo pamene munthu woyenda pa njinga ya aulumali sangafike, kapena chimbudzi cha pasukulu chikamangidwa ndi masitepe komanso khomo lopapatiza, zimakhala kuti anthu ena anakhala pansi n'kuvomereza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, opitirira pang'ono 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Kuchuluka kumeneku sindikuona pa mipando ya makomiti a kwa Chikowi, kwa Mwambo, kwa Malemia kapena mu mzinda momwemuno. Ndiye ndikufunsa kuti, wachinyamata waulumali amapezeka kangati pa zokambiranazi, ndipo akapezekapo amayankhula yekha kapena pamakhala wina womuyankhulira? Tingayambire pati kukonzekeretsa anzathu kuti azipikisana nawo pa maudindo?

Telala woyenda pa njinga, Chinamwali

Zikomo achemwali poyambitsa nkhaniyi. Ine ndinakhalapo mu komiti ina ngati woimira aulumali, ndipo ndinatulukamo ndili ndi maganizo akuti mpando wokha suthandiza munthu. Uthenga wondiitana unkafika madzulo msonkhano uli mawa m'mawa, pamene anzanga anali atauzidwa kale, ndipo ndikafika ndinkapeza kuti chipinda chake chili pamwamba, mpaka anyamata awiri andinyamule pamodzi ndi njinga yanga anthu onse akuonerera. Munthu amene walowa m'chipinda atanyamulidwa amavutika kuti akweze dzanja n'kutsutsa wapampando, chifukwa aliyense akumuona ngati woyenera kuthokoza. Ndinkasaina pa pepala la obwera, kujambulidwa chithunzi, kenaka n'kumva kuti mfundo zonse anamanga kale. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti panalibe njira yoti ndikafunse anzanga aulumali zimene akufuna ndisanapite, kapena yokawauza zimene zakambidwa ndikabwerako. Choncho ndisanayankhe zoti tiyambire pati, ndikufuna tigwirizane kuti woimira ayenera kukhala ndi anthu amene amutuma ndiponso amene adzamufunse akabwera.

Mayi wa mtsikana wosamva, Jali

Ana anga, ndawerenga zimene mwalemba ndipo mawu akuti womuyankhulira andikhudza, chifukwa womuyankhulirayo ndine. Mwana wanga ndi wamkulu tsopano, koma tikapita kuchipatala, kwa amfumu kapena kolembetsa za feteleza, palibe amene amadziwa chinenero chamanja. Ndikangokhala chete amutembenuza ndi kuitana wotsatira pa mzere. Ife makolo sitichita zimenezi pofuna kutsekereza ana athu. Tinawabereka, tinawaona akunyozedwa ali aang'ono, ndipo tinazolowera kuima patsogolo kuti mawu oipawo ayambe afika kwa ife. Mukamakonza za utsogoleri musatione ngati adani, chifukwa tsiku limene mwana wanga adzakanizidwe thandizo, wolira naye usiku ndidzakhala ine.

Wophunzira wosamva, Chikanda

Mayi, ndikulemba mwaulemu waukulu, ndipo mawu anu andikumbutsa amayi anga amene anachita chimodzimodzi kwa zaka zambiri. Palibe amene akukuonani ngati mdani. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono koma chimasintha zambiri. Dokotala akafunsa kuti mutu unayamba liti kupweteka, inu mumadziwa kale yankho lake, ndipo chifukwa cha mzere wautali mumangoyankha. Ndikanakonda mutatembenukira kwa mwana wanu, kumufunsa funsolo ndi manja, kudikira kuti ayankhe yekha, kenaka inu n'kunena zimene iye wanena ngakhale zitasiyana ndi zimene mumaganiza. Zimatenga nthawi, koma dokotalayo amayamba kuyang'ana mwanayo, ndipo mwanayo amazindikira kuti funsolo linali lake. Ine ndinayamba kudzidalira pamene amayi anayamba kutero, ndipo nditakumana ndi anzanga osamva kudzera ku bungwe la anthu osamva la MANAD ndinaona anthu osamva akutsogolera misonkhano yawo, kutsutsana ndi kuvota, popanda womva aliyense wowauza zochita.

Ndili ndi pempho linanso kwa gulu lonse. Mauthenga ambiri amene amatumizidwa pano ndi ojambula mawu, ndipo ine sindidziwa zimene zimanenedwamo. Nkhani ya sabata yatha inatha ine ndisanadziwe mutu wake. Ngati tikukambirana zoti mawu athu azimveka kunja, ndi bwino tiyambe ndi kuonetsetsa kuti muno tikumvana tonse.

Mnyamata wosaona, Domasi

Achemwali a ku Chikanda anena zoona, ndipo ine vuto langa ndi la mbali inayo. Foni yanga imandiwerengera mokweza chilichonse cholembedwa, koma munthu akatumiza chithunzi cha kalata kapena cha chidziwitso chopachikidwa pakhoma, nthawi zambiri imangondiuza kuti pali chithunzi. Mwayi wina wa maphunziro a ntchito zamanja unandidutsa motero. Zikuoneka kuti uthenga wolembedwa m'mawu ndi umene ungatifikire tonse awiri, choncho amene watumiza mawu ojambula kapena chithunzi azilemba pansi pake mfundo zake.

Nkhani yaing'onoyi ikutiphunzitsa za kudziyankhulira. Anthu ambiri amene amatisiya panja sachita dala, koma sadziwa chimene tikufuna, ndipo ife tikangonena kuti tikusalidwa iwo amasowa pogwira. Ndinaona kusiyana pamene ndinasiya kudandaula mwachisawawa n'kuyamba kunena mwachindunji kuti, ndikupempha kuti mundipatse mfundo za msonkhano pa foni masiku angapo tsikulo lisanafike, ndipo aliyense woyankhula ayambe watchula dzina lake. Pempho lotere munthu amatha kulivomera kapena kulikana, ndipo akakana umakhala ndi chinthu chooneka chokadandaula nacho kwa akuluakulu ake. Luso limeneli palibe anandiphunzitsa kusukulu, ngakhale ndinaphunzira bwino zilembo za Braille.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera, Songani

Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, ndipo ndikufuna kubweza nkhaniyi m'mbuyo pang'ono, chifukwa munthu safika pa ADC asanadutse m'maudindo ang'onoang'ono. Ife amene tinaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi tinaphunzitsidwa njira zothandizira mwana kuwerenga ndi kulemba, koma m'sukulu zambiri ndimaona chifundo chimene chimawononga ana mwakachetechete. Mwana waulumali amauzidwa kuti asasese nawo, asatenge nawo mbali pa mtsutso, asakhale woyang'anira kalasi, asawerenge mawu pa asembule, zonsezi pofuna kuti asavutike. Anzake amaphunzira kulamula, kulakwitsa, kudzudzulidwa ndi kukonza, iye atakhala pamthunzi akusunga zikwama. Akafika zaka 20 timadabwa kuti n'chifukwa chiyani amachita manyazi pagulu, kuiwala kuti ndife amene tinamumana mwayi woyeserera. Ku tchalitchi ndi ku mzikiti zimachitikanso chimodzimodzi: amamupempherera kwambiri koma samupatsa buku la ndalama za kwaya kapena za gulu la achinyamata kuti alisunge.

Ndimakayikiranso maphunziro a utsogoleri a masiku awiri kapena atatu amene amachitikira m'malo ogona alendo. Sindikunena kuti alibe phindu, koma kawirikawiri amapita ndi anthu omwewomwewo, ndipo chimene ambiri amakumbukira ndi alawansi ndi tisheti. Zimene mtsogoleri amafunika kudziwa n'zosasangalatsa kuziphunzira: kutsegula ndi kutseka msonkhano, kulemba maminitsi, kuwerenga bajeti n'kuona pamene ndalama zasowa, kulemba kalata yopita ku ofesi, kutsutsa munthu wamkulu popanda kumunyoza. Izi munthu amaziphunzira pozichita mwezi ndi mwezi pali wina womukonza.

Chinanso ndi malamulo. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali. Dziko lathu linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, mu 2012 tinakhala ndi lamulo la za ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano, limene linachititsanso kuti bungwe la boma loona za aulumali la MACOHA lisanduke MACODA. Wachinyamata amene akudziwa izi amalowa mu ofesi ngati nzika yodzafunsa chimene lamulo linalonjeza, ndipo kayankhulidwe kake kamakhala kena. Ambiri mwa ophunzira anga akale sanaonepo ngakhale tsamba limodzi la lamuloli m'Chichewa, m'zilembo zikuluzikulu kapena mu Braille.

Mtsikana wachialubino, Thondwe

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha mfundo ya maudindo ang'onoang'ono. Ine chimene chimandilimbikitsa ndi chisankho chapadera cha mu 2021 ku Nkhotakota, pamene a Overstone Kondowe anapambana n'kukhala phungu woyamba wachialubino wosankhidwa m'dziko muno. Iwo anali atatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM, koma amene anawavotera ambiri sanali achialubino, anali alimi, asodzi ndi amalonda amene ankafuna misewu, sukulu ndi zipatala. Ndikuona kuti pamenepa pali phunziro kwa ife. Tikamalowa m'makomiti tisamangodikira nthawi ya nkhani za ulumali kuti ndiye tiyankhule. Tiziyankhulanso za mlatho, za mbewu, za kuba kwa mankhwala, kuti anthu azolowere kutiona ngati eni mudzi.

Koma ndinenenso zimene zimatibweza m'mbuyo ife achialubino, amene kalembera yemwe uja anapeza kuti tilipo oposa 134,000. Misonkhano ya m'midzi imachitika pabwalo dzuwa lili pamutu, ndipo mafuta oteteza khungu sapezeka nthawi zonse. Zolemba pa bolodi kapena pa pepala lopachika sitiziona tikakhala patali. Choopsa kwambiri n'chakuti misonkhano imayamba mochedwa n'kutha kukuda, ndipo chifukwa cha kuphedwa ndi kubedwa kwa anzathu kumene kwachitika m'zaka zapitazi, makamaka kuno kuchigawo chakum'mawa, makolo anga sangalole kuti ndiyende ndekha madzulo. Ndikakana kupita amati ndilibe chidwi. Ndinapempha wapampando wa kalabu yathu ya achinyamata kuti tizikumana m'mawa m'kalasi, ndipo atavomera zinakomeranso atsikana ena onse.

Bambo wa m'bungwe la aulumali, Sadzi

Ana anga, ine ndine mmodzi mwa achikulire pa gulu lino, ndipo ndayenda ndi ndodo kuyambira pamene poliyo inandigwira ndili mwana. Ndikukondwa kuona mukulemba molimba mtima chotere. Komabe ndikufuna mudziwe kuti njira imene mukuyendamo inalambulidwa ndi anthu. Pamene chitaganya cha mabungwe a aulumali cha FEDOMA chinkakhazikitsidwa mu 1999, ambiri ankaona munthu waulumali ngati woyenera kulandira zachifundo basi. Anthu ngati malemu mayi Rachel Kachaje, amene ankayenda pa njinga ndipo anadzakhala nduna yoona za aulumali ndi okalamba mu 2013, anagwira ntchito zaka zambiri m'mabungwe asanafike pamenepo. Lamulo la 2012 silinabwere lokha, panali anthu amene anatopa ndi kugogoda pa zitseko.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti achinyamata ena amafuna udindo koma ntchito yake saifuna. Tikaitanitsa msonkhano wopanda alawansi amabwera ochepa, ndalama ya umembala sapereka, ndipo akadzudzulidwa kamodzi amakwiya n'kuchoka. Akuluakulu anati wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima. Mtsogoleri amanenedwa, amanamiziridwa kuti wadya ndalama, amayenda pa ndalama zake. Amene akufuna mpando akhale wokonzekera zimenezi.

Telala woyenda pa njinga, Chinamwali

Bambo, ulemu wanu ndi waukulu ndipo zimene munatichitira sitingazikane. Ndiloleni komabe ndiyankhe mosabisa, popeza inu mwatiphunzitsa kuti tiziyankhula. Achinyamata ambiri amagwa ulesi chifukwa amaona kuti misonkhano yopanda alawansi ndiyo imene amaitanidwa, koma ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre makalata ake amathera pa foni ya munthu mmodzi. M'nthambi zina wapampando ndi yemweyo kuyambira ine ndili ku pulayimale, ndipo chisankho sichinachitikepo ngakhale malamulo a bungwe amanena za nthawi yokhalira pa udindo. Kodi munthu angaphunzire bwanji kung'anima kwa mphenzi ngati saloledwa kufika pafupi? Sitikupempha kuti muchoke lero. Tikupempha kuti pa ulendo uliwonse wopita ku ofesi ya DC kapena ya zachisamaliro cha anthu muzitenga wachinyamata mmodzi, ndipo mukafika muzimupatsa mfundo imodzi kuti aifotokoze yekha inu mutakhala pambali. Tikupemphanso kuti masankho azichitika pa nthawi yake, ndipo mu komiti iliyonse mukhale mtsikana, chifukwa ngakhale pakati pathu aulumali maudindo amathera kwa amuna.

Mchemwali wa mnyamata waulumali, Kachulu

Ndakhala chete chifukwa ndimaona ngati nkhaniyi ndi ya anthu ophunzira, koma ndaona kuti ndikapanda kulemba mlongo wanga saganiziridwa. Iye amadwala khunyu ndipo amachedwa kugwira zinthu m'mutu, sukulu anasiyira sitandade 3, foni alibe, ndipo sangalembe pa gulu ngati lino. Kuno kunyanja ya Chilwa ndi kuchilumba cha Chisi alipo ambiri otere. Mukamati wachinyamata waulumali adziyankhulire, kodi iwowa muwawerengera?

Pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu anathawira m'misasa ya m'sukulu ndi m'matchalitchi, ndinaona mmene zimakhalira. Komiti yogawa zinthu inkaitana maina mofulumira, amphamvu ankakankhana kutsogolo, ndipo munthu ngati mlongo wanga ankangoima kumbuyo osadziwa kuti dzina lake ladutsa. Mankhwala ake anapita ndi madzi ndipo panalibe amene anafunsa za zimenezo. Koma ndikuuzeni kuti iye amadziwa bwino chimene akufuna mukamufunsa pang'onopang'ono, funso limodzi pa nthawi. Amadziwa kuti safuna kukakhala kwa amalume, amadziwa kuti akufuna kuweta nkhuku zakezake, amadziwa amene amamulanda ndalama akagwira ganyu. Ndikuopa kuti tingapange atsogoleri a ku tauni odziwa Chingerezi amene adzayankhulire anthu ngati iye asanakhalepo naye pansi, ndipo zikatero tidzakhala tabwereza zomwe tikudandaulazi.

Mphunzitsi wa maphunziro apadera, Songani

Achemwali a ku Kachulu, mwafunsa funso lovuta kuposa onse ndipo musaganizenso kuti nkhaniyi si yanu. Zimene mumachita pomufunsa mlongo wanu funso limodzi pa nthawi n'kulemekeza yankho lake ndi zimene pangano la United Nations lija limafuna, kuti munthu athandizidwe kupanga chiganizo chake m'malo momupangira. Kudziyankhulira kwa iye kungakhale kunena pamaso pa amfumu kuti wakutiwakuti sanandilipire ganyu yanga, inu muli pambali pake. Kumeneko n'kofunika mofanana ndi kuyankhula ku khonsolo. Ndikuganiza kuti aliyense amene gulu lino lingamuthandize kupikisana pa udindo tizimupempha kuti ayambe wayendera mabanja a m'dera lake amene ali ndi achinyamata osatuluka pakhomo, ndipo makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'midzi tiwaike patsogolo, popeza dzinja silichedwa kubweranso.

Bambo wa m'bungwe la aulumali, Sadzi

Mwana wanga wa ku Chinamwali, mawu ako ndi olemera koma ndawalandira. Za masankho sindingalonjeze ndekha chifukwa ndi nkhani ya komiti yonse, koma ndidzaiika pa mndandanda wa zokambirana ndipo ndikufuna ubwere udzaifotokoze wekha. Za kutenga wachinyamata popita ku maofesi ndavomera, ndipo ndiyamba ndi mtsikana monga wanenera. Ndili ndi mabuku a maminitsi akale ndi makope a makalata amene tinkalemba, ena anayankhidwa ena ayi. Amene akufuna kuphunzira abwere tidzawerenge pamodzi, aone kuti kalata yabwino imakhala ndi tsiku, pempho limodzi lomveka, ndi dzina la udindo wa amene ayenera kuyankha, ndiponso kuti umasunga kope yodindidwa kuti mawa asadzakane kuti sanailandire.

Mayi wa mtsikana wosamva, Jali

Mwana wanga wa ku Chikanda, ndinamuonetsa mwana wanga zimene unalemba ndipo anawerenga yekha mpaka kumapeto. Kenaka anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti kwa nthawi yaitali wakhala akufuna kulowa banki m'khonde m'dzina lake, m'malo moti ndalama zake za mandasi ndizikaponya ine m'dzina langa. Akuti masamu amawadziwa kuposa amayi ambiri a m'gulumo ndipo tsiku lina akufuna adzasunge buku. Ndayankhula ndi wapampando wathu ndipo wati abwere Lachinayi. Ine ndidzakhala pambali pake kumasulira zokhazo zimene wanena. Mantha ndili nawo, chifukwa ndikuwadziwa amayi ena pakamwa pawo, koma ndamulonjeza kuti sindimuyankhira.

Mlembi wa gulu, Matawale

Mayi, tidzafuna kumva mmene zidzayendere, ndipo zingakhale bwino mwana wanuyo atalowa pa gulu lino kuti adzatiuze yekha. Kuyambira lero mawu ojambula ndi zithunzi zizibwera ndi kufotokoza kolembedwa, ndipo chopanda kufotokoza ndizipempha mwini wake kuti akonze. Bambo a ku Sadzi, ndikuganiza kuti tikumane Loweruka m'mawa kuti tiyambe kuwerenga makalata aja. Amene mukudziwa chipinda chapansi chopanda masitepe, chokhala ndi chimbudzi cholowa njinga komanso chapafupi ndi depoti, tiuzeni. Aliyense afufuzenso kwa gulupu wa kwawo kuti makomiti a VDC ndi oona za ngozi adzasankhidwanso liti, chifukwa uthenga wotere umafika kwa ife masankho atachitika kale.

Wophunzira wosamva, Chikanda

Loweruka ndidzabwera, koma pali nkhani ya womasulira imene sitinaikambe. Amene ndimamudziwa amakhala ku Blantyre ndipo ayenera kulipiridwa thiransipoti ndi ntchito yake, popeza nayenso amadya pomwepo. Sindikufuna kuti tidalire mayi a ku Jali, chifukwa akatanganidwa ndi kumasulira sadzatha kunena maganizo awo ngati kholo. Achemwali a ku Kachulu nawonso adzafunika ndalama ya galimoto ya anthu awiri ngati mlongo wawo akubwera, ndipo ine ndikufuna kuti abwere. Ndikupempha kuti msungichuma atiuze ndalama zimene zili m'thumba la gulu pofika Lachitatu, kuti ngati zili zochepa tidziwe kuti aliyense asonkhe zingati.